Komwe Inapita Mitengo ya Golo

Makanjira
9 Julaye 2023

Okondedwa achimwene Abudu,

Salaamu aleikumu. Kalatayi ndawapatsira a transipota omwe munawatuma kuti adzatenge Uladi n'kupita naye ku Joniko. Akubweretserani kalata yokha, mwana watsala. Muwerenge kaye musanandikalipire. Foni yanga musavutike nayo, inapita ndi madzi.

Mwamva kuti mwana wanu anasiya sukulu, anasiya mpira, akungogona kudoko ndi alovi, anyamata aganyu a m'mabwato a asodzi. Sanakunamizeni, koma wokuuzaniyo nkhani anaiyambira pakati.

Tsiku lomwe bambo anamwalira, namondwe uja anali asanaleke, msewu utaduka. Mukudziwa kuti maliro athu sagonera. Amuna atakumba manda anasowa mitengo yotsekera kachipinda kogonekamo mtembo, poti kutchire madzi anali olekeza m'chiuno ndipo nsungwi zonse zinali zitakokoloka. Chomwe chinatsala chili chiimire pamtunda ndi mitengo ya golo ya kubwalo, bulugamu uja munadzika ndi manja anu musanachoke. Uladi anatenga chikwanje osafunsa munthu. Ine sindinaone, akazi kumanda sitipita, ndipo amuna a kuno mumawadziwa kutseka pakamwa kwawo. Inu ndi ine anangotiuza kuti mitengoyo inapita ndi madzi.

Ndazidziwa mwezi wathawu. Bungwe lina lothandiza matimu a ana linabwera pa lole, titatha kuchotsa mchenga pabwalo, azimayi ndi mabeseni, anyamata ndi mafosholo. Linasiya mipira, majezi ndi magolo achitsulo. Majeziwo ana akumira momwemo, koma poti wochapa ndine, ndikumawabweza ndi singano. A Petulo, kochi wa timu, anatsikira kudoko kukamuitana Uladi, chifukwa goloboyi amene ankamuyesa amagwira mpira ngati akugwira mlamba. Uladi anakana. Atamuumiriza ndi pamene anaulula kuti munthu wodula golo la bambo ake sangaimenso pagolo, ndipo inu mukadzamva simudzamuyang'ananso kumaso.

A Petulo atandiuza, ndinapita kudoko ndekha. Ndinamupeza akusoka ukonde wa eni, atawonda, tsitsi lili nyankhalala. Ndinangomufunsa kuti, "Iwe, unkafuna agogo ako dothi liwagwere kumaso?" Kenaka ndinabwerera kukaphika.

Loweruka anatulukira pabwalo. Tinagonja, sindikubisirani, koma mipira yomwe anagwira anagwira. Lolemba anapita kusukulu, poti lamulo la a Petulo n'lakuti wojomba m'kalasi jezi savala.

Ndiye kwafika uthenga wanu womuitana. Iye akuganiza kuti mwamva za mitengo ija ndipo mukumuitanira chilango. Wapakira kale zovala m'jumbo. Wandiuza kuti, "Ngati akufuna ndikagwire ntchito yolipira golo lawo, ndipita." Ine ndakana. Ndi mwana wanu, mukaumirira ndimukweza ulendo winawo, koma mudziwe kuti akapita ndi maganizo amenewo, sukulu yathera pomwepo, ndipo inu adzakuopani moyo wake wonse. Zimenezo zikundiwawa.

Amayi akupereka moni, miyendo ikuwavutabe kukazizira. A Shehe akuti ndikuuzeni kuti sadaka ya bambo inayenda bwino. A Petulo akuti timu yomwe munayambitsa sinafe. Uladi ndinamufunsa ngati ndilembe moni wake, anati adikira wanu uyambe.

Paja munalira pafoni ya a Petulo kuti bambo aikidwa inu osaponyapo ngakhale dothi la m'dzanja limodzi. Lekani kudandaula, achimwene. Chomwe chawatchinga kumanda kuja ndi mitengo yanu, ndipo wodula ndi mwana wanu. Mumulembere yekha, kuwerenga amatha.

Ndine mlongo wanu,
Asiatu