Ng'ombe Inatembenukira M'kanjira

Loweruka, 9 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kupatula msana wangawu umene ukukalamba limodzi ndi lole ya pakoleji.

Kalata yanu ndinailandira. Mwati ndifulumire kuonetsa munda wa malemu bambo kwa wogula uja, poti palibe mwana amene adzaugwire. Ndisanayankhe, ndiloleni ndikuuzeni zimene ndikuona kuntchito, pakuti dalaivala amaona zambiri pagalasi.

Mukudziwa kuti koleji yathu ya ntchito zamanja ili ndi makina koma ilibe ngakhale nkhuku, pamene koleji ya zaulimi ya kutsidya kwa mtsinje ili ndi ng'ombe koma chitsulo chikathyoka amachimanga ndi luzi. Chaka chino akuluakulu anagwirizana kuti aziphunzitsa ana pamodzi. Wowalumikiza ndine: m'mawa ndimapititsa owotcherera ku ng'ombe, masana ndimabweretsa a ng'ombe ku zitsulo.

Poyamba ndinkati ndi mgwirizano wa pamsonkhano, wothera pa tiyi. Ntchito yoyamba inali kanjira kazitsulo kopanikiziramo ng'ombe pozibaya katemera. Anakonza ndi mphunzitsi wathu wa zowotcherera, amene ana amawatcha a Nyundo, pamodzi ndi kalasi ya mwana wanu wamkazi amene ndikukhala nayeyu. Kanali kokongola, kopaka utoto, ndiponso kotakasuka, poti anati ng'ombe nayo ndi cholengedwa, isamapanikizike. Tinakanyamula pa lole ngati mkwatibwi.

Ng'ombe yoyamba inalowa, inaona jekeseni, inatembenuka bwinobwino m'katimo n'kuthamangira kumene inalowera. A Nyundo, ndi thupi lawo lalikululo, anapezeka ali pamwamba pa lole yanga osadziwa kuti akwera bwanji.

Mphunzitsi wa ziweto, mayi wamfupi wovala nsapato za mphira zofika m'mawondo, anaseka mpaka misozi. "Aphunzitsi, mwaimangira ng'ombe chipinda chochezera! Mukanaikamonso mipando."

Mumtima ndinati basi, mgwirizano wathera pompa. Koma a Nyundo anatsika, n'kudzisasa fumbi, nati, "Mayi, ana angawa sanagwirepo ng'ombe, ngakhale ineyo. Tiphunzitseni ng'ombe, ife tikuphunzitsani chitsulo." Achimwene, ndanyamula mabwana ambiri, koma woyankhula chotero pamaso pa ana ake sindinamuonepo.

Kuyambira pamenepo palibe wowotcherera amene amayatsa moto asanakame mkaka ndi kuwola ndowe, ndipo ana a ziweto aleka kumanga zitsulo ndi luzi. Kanjira kaja anakadula n'kukachepetsa, atayeza ng'ombe yeniyeni ndi chingwe. Amene anagwira chingwecho, atakumbatira mimba ya ng'ombe ngati mnzake, ndi mwana wanu, yemwe uja ankathawa mbuzi. Tsopano ng'ombe ikalowa imangoyang'ana kutsogolo ngati ili pamzere wa kuchipatala. Alimi oyandikana nafe ayamba kubwera kudzaona, ndipo amafunsa za "mtsikana wa zitsulo uja".

Ndikudziwa munamutumiza kuno kuti adzapeze ntchito m'fakitale pafupi ndi inu. Sabata yatha anakhala kutsogolo ndi ine, nati, "Bambo aang'ono, kodi dambo la m'munda wa agogo lija limauma?" Ndinati siliuma. Titafika pamlatho anati, "Ababa mukawauze ndinu kuti mundawo ndikuufuna. Ine akandiyang'ana mawu amathawa."

Za wogula uja: anabweradi kumundako. Anapeza mwanayo ndi anzake a makoleji onse awiri akukumba maenje a mizati ya khola, mayi wa ziweto uja akuwalozera pokwera kuti madzi asamalowe. Anandifunsa ngati malowo akugulitsidwadi. Tsiku limenelo ndinali ndi chifuwa, Achimwene, mawu sankatuluka bwino. Anadikira pang'ono n'kukwera galimoto yake. Wati abweranso mwezi ukatha, ndipo chifuwa sichikhalitsa chotero.

Wamkulu ndinu. Mukanena kuti munda ugulitsidwe, mizatiyo tizula. Pempho langa ndi limodzi: musanayankhe, bwerani mudzaone ndi maso anu. Ndidzakutengani pa lole, mudzakhala kutsogolo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mlamu wanu kuno akupereka moni. Mwana wanu yekha ndiye wakana kupereka moni wa m'kalata. Wati adzakupatsani yekha pachipata cha khola chimene wawotcherera. Ine ndachiona chipatacho. Wachiyeza bwino, Achimwene: wolowa satembenuka.

Ndine mng'ono wanu,
wa lole uja.