Makina a Sisita Martina Akana Kutenthetsa Madzi

Lolemba, 14 Julayi

Ndikupita ndekha! Ndekhandekha!

M'mawa tili mu shopu foni ya amalume a Sidik inalira. Sisita wina wa pa kachipatala ka kufupi ndi Nsanama. Akuti makina awo ochapira akuzungulira bwinobwino koma madzi sakutentha. Amalume diso likadali lomata chichitireni opaleshoni ya ng'ala, ndiye anayamba kukana. Ine pambali kumangowakoka malaya. Mapeto ake anati, "Chabwino Sisita, nditumiza Zulfa, mwana wa achemwali anga. Zamagetsi anaphunzira." Atadula foni: "Zikakakukanika usakagwiregwire. Ukatseke, ubwere."

Miyezi isanu ndi itatu ndikungosintha mapulagi a maayironi mu Balaka muno. Mita yanga yoyezera ndaiika batire latsopano. Alhamdulillah.

Lachiwiri, 15 Julayi

Minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka pa Nsanama, kenako kabaza. Wakabaza anafunsa ngati ndine namwino. Ndati iyayi, ndine wokonza makina. Anaseka mpaka njinga kupepeluka.

Sisita Martina ndi wamfupi, woyenda mothamanga. Anandiyang'ana ine, kenako chikwama changa, kenako kumbuyo kwanga ngati kukubwera wina.

Amene wandikhudza ndi a Binti, mayi wochapa. Mashiti a ku wodi ya amayi obereka sachapidwa ndi madzi ozizira, ndiye chifere makina iwo amawiritsa madzi pa nkhuni m'chimphika, n'kumanyamula pa ndowa. Sabata yatha ndowa inawapulumuka. Mwendo wakumanzere ndi wokulunga kuyambira pa bondo mpaka pa kakolo, koma akuchapabe. Atamva dzina langa anayamba kundilankhula Chiyao. Akuti, "Amuna awiri abwera kale. Anagulitsa Sisita chitsulo chatsopano, madzi ali zii mpaka lero."

Chitsulo chimenecho ndi elementi, imene imatenthetsa madzi pansi pa dramu. Ndazula pulagi, ndatsegula kumbuyo, ndayeza. 28. Nambala imeneyo pa mita ndiye kuti ndi yamoyo. Yakale anaisunga m'katoni, yoyera ndi mchere wa madzi a pa mjigo. Nayonso ndayeza: 29! Inalibe vuto n'komwe! Ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndiye kuti anzathu aja anangoganizira, sanayeze.

Sisita wati Lolemba kubwera galimoto ya ku likulu lawo. Makina akakhala osakonzeka apita nawo, ndipo zimene zapita kumeneko sizibwerera.

Andipatsa kachipinda pafupi ndi khitchini. A Binti andibwereka mkeka woswalira.

Lachitatu, 16 Julayi

Tsiku loipa.

Mawaya onse opita ku elementi ndawatsata limodzilimodzi. Palibe lopsa, palibe lodyedwa ndi khoswe. Madzi akulowa okwanira. Ndayatsa makina pa madigiri 60, ndayeza pa elementi mosamala: magetsi sakufika. Ndiye ndinati basi, ndi bolodi, ubongo wa makina umene umatumiza magetsi ku elementi. Bolodi ya mtundu umenewu ungaipeze kuti kuno?

Ndinaimbira amalume. "Ndinakuuza. Tseka."

Ndinauzanso Sisita kuti mwina ndi bolodi. Anangoti, "Mwayesetsa, mwanangu." Mawu amenewo andipweteka kuposa akanandikalipira. Masana ndinaona a Binti akukoka nkhuni, kutsimphina. Ndinapita kukawanyamulira ndowa ziwiri. Zolemera zedi, ndipo nthunzi imakuwotcha m'manja usanafike n'komwe.

Sindinatseke.

Lachinayi, 17 Julayi

NDAPEZA!!

M'mawa ndikutenga udhu, kusamba kokonzekera kuswali, madzi anali ozizira ngati a mufiriji, ndipo ndinadzifunsa: kodi makinawa amadziwa bwanji kuti madzi ndi ozizira? Sensa! Kachitsulo kakang'ono ngati ndudu kamene kamalowa pakati pa elementi. Ndiko kamauza bolodi kutentha kwa madzi. Kakanama kuti madzi atentha kale, bolodi siyatsa elementi. Dzulo ndinakayang'ana ndithu, n'kungokadutsa, poganiza kuti kanabwera ndi elementi yatsopano.

Ndinathamangira katoni ija. Pa elementi yakale pali bowo lopanda kanthu. Ndiye kuti anazula sensa yakale n'kuisomeka pa yatsopano. Anasamutsa matenda!

Ndinaizula, ndinayeza. Nambala yotsika kwambiri, ngati ili m'madzi owira, chonsecho ili m'dzanja langa lozizira. Koma ndinafuna umboni. Sisita anali pa khonde ndi tiyi, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinati, "Sisita, ndibwerekeni kapu yanuyo." Anandipatsa ali kakasi. Ndinaviika nsonga ya sensa m'madzi a mu ndowa, nambala ili pomwepo. M'tiyi wotentha, pomwepo. Yabwino imayenera kusintha.

"Mwaona? Kwa iyo tiyi ndi madzi a pa mjigo n'chimodzimodzi."

Sisita anayang'ana mita, anayang'ana tiyi wake. "Ndiye bolodi ija?"

"Ndinalakwitsa, Sisita. Bolodi ikungomvera bodza."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. A Binti anafika kudzafunsa chachitika n'chiyani, ndinawafotokozera m'Chiyao, iwo n'kuti, "Kanthu kakang'ono ngati aka ndi kamene kandiwotcha mwendo?" Anakatenga, anakayang'anitsitsa, anakatukwana bwinobwino. Sisita ananamizira kuti Chiyao sachimva.

Tiyi anataya.

Lachisanu, 18 Julayi

Kubwerera ku Balaka kukasaka sensa. Kuseli kwa shopu amalume ali ndi makina akufa asanu ndi awiri, ena nkhuku zimaikiramo mazira. Ndazula masensa anayi. Vuto n'loti mtundu uliwonse uli ndi nambala yakeyake, ukaika yolakwika madzi akhoza kuwira mpaka kuwononga nsalu, kapena osatentha n'komwe.

Amalume atabwera ku mapemphero a Juma anandipeza ndaika makapu anayi pa benchi. "Ukugulitsa tiyi tsopano?" Ndinawafotokozera zonse. Kenako anafunsa: "Makina awo ndi a mtundu wanji?" Nditawauza, anadzuka ndi ndodo yawo, kupapasa khoma mpaka ku stoo, n'kuloza makina ena okwiriridwa ndi matumba. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti aliko. Anachokera ku loji ina ya ku Liwonde, mota inapsa. Mtundu womwewo ndendende!

Sensa yake ndaviika m'madzi otentha, nambala kutsika pang'onopang'ono ngati ikutsika masitepe. M'ozizira, kukwera. Ndabwereza kasanu chifukwa chongosangalala.

Amalume akuti, "Usaiwale kumanga bwino nati ya elementiyo, madzi angadonthe." Basi, mawu awo ndi omwewo. Koma ndawamva akuuza a Jimu a pa butchala kuti "mwana wathu ali ndi ntchito ku chipatala."

Loweruka, 19 Julayi

Ndafika, ndamanga, ndatseka. Kungoti ndilowetse pulagi, magetsi thii. Tsiku lonse. Ndadya zala.

Lamulungu, 20 Julayi

Magetsi abwera cha m'ma 10, anthu ali ku Misa. Tinali awiriwiri ndi a Binti. Anaika mashiti asanu ndi limodzi, sopo, ine ndinapotokola pa 60. Madzi kulowa. Dramu kuzungulira, kuima, kuzungulira.

Kenako ndinamva "thapu" kuchokera ku bolodi. Kaphokoso kakang'ono koma ndinakamva bwinobwino. Mita pa elementi: magetsi afika!

A Binti sakhulupirira mita. Anakoka mpando, anakhala kutsogolo kwa makina, chikhatho pa galasi la chitseko. Mphindi zisanu: "Zii." Khumi: "Zii ndithu, mwanangu." Ine kuwerenga Bismillah chamumtima. Mwina natiyo? Mwina bolodinso ili ndi lake?

Pa mphindi khumi ndi zisanu anasiya kulankhula. Anasintha dzanja. Anaika tsaya pa galasi. Kenako nthungululu! Ndi mwendo wawo womwewo anaimirira n'kuyamba kuvina, ine kuwagwira kuti angagwe, tonse kuseka. Amayi awiri a ku wodi anatuluka ndi makanda kudzaona ngati kwabadwa mapasa. Aliyense anafuna kugwira galasi. Mlonda nayenso.

Ndinadikira mpaka makina atamaliza. Pansi pouma, palibe dontho. Mashiti atuluka oyera, ofunda.

Sisita pobwera ku tchalitchi anapeza ali pa chingwe. Anagwira limodzi, ananunkhiza. Kenako anangondifinya dzanja kwambiri.

Lolemba, 21 Julayi

Galimoto ya ku likulu yabwera, yatsitsa mankhwala, yabwerera yopanda kanthu.

Ndinali nditamanga kale chikwama, wakabaza akudikira pa geti. Sisita anati, "Zulfa, tabwerani kaye." Tinadutsa kuseli kwa wodi mpaka pa kanyumba ka chitseko chobiriwira. Anatsegula. Fumbi, akangaude. Maso atazolowera mdima ndinaona firiji ziwiri, mafani, sikelo ya ana, pampu ya madzi, ndi chimphika chamagetsi chowiritsira zida. Zonse zakufa. Kapena zongoganiziridwa kuti ndi zakufa.

"Izi zimayenera kukwera galimoto ija," anatero. "Ndawauza kuti azisiye."

Kiyi anandiika m'manja.

Wakabaza ndamuuza kuti azipita. Ndayamba ndi firiji ya kumanzere.