Beseni Lanu Layenda Pamutu pa Hawa

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko, mwapumako tsopano?

Kuno ku Lungwena tikudzuka ndithu. Mkazi wa mwana wanu Yusufu wachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yomweyo, ndipo tamutcha Mariamu, dzina lanu. Ena pachibale anayamba kutsokomola kuti dzina limeneli lingamulemere mwana. Ndinawauza kuti amene likumulemera apite akabereke wake. Chimanga chaka chino chatinamiza, koma chinangwa chatipulumutsa. Nyanja yakwera mpaka yameza thandala lanu la kumunsi lija, moti usipa tikuyanika pafupi ndi mtengo wa mango, kumene nkhuku za Che Amidu zatipeza zitsiru.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za nkhuku. Abiti Mussa anamwalira Lachiwiri. Nditamva ndinaseka, Amayi, ndinaseka mpaka kugwira m'nthiti. Ndikudziwa mukadandikwapula ndi mpango, koma ndikukuuzani momwe zinalili.

Inu munali ndi mtima woiwala msanga, ine ayi. Zaka zonse zija ndinu munkasambitsa maliro a amayi m'mudzi muno ndi kusoka sanda za aliyense. Tsiku lina mwana wa Abiti Mussa, Rajabu, akudutsa ndi nkhafi paphewa, munamuseka kuti watalika kwambiri, sanda yake idzatimalizira nsalu. Iye anaseka, inunso munaseka. Sabata yomweyo mwera unagubuduza bwato lake. Maliro asanatuluke n'komwe, Abiti Mussa anali atauza mudzi wonse kuti munamuyeza mwana wawo ndi maso, ndipo kuti beseni lanu losambitsira maliro ndi limene mumadyeramo anthu. Anthu omwe munawasambitsira amayi awo anayamba kukulambalalani panjira. Inu munkangoti chisoni chimayankhulitsa, zidzatha. Sizinathe, munatha ndinu.

Tsiku limene munatisiya palibe mayi wa m'mudzi muno anabwera kudzakusambitsani. Anakhala patali pansi pa mango, mipango kukamwa, ngati akudikira basi. Anangolowa Mayi Fatima okha, aja anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndi miyendo yawo yotupa. Ine sindinkadziwa poyambira. Ndinangokumbukira mawu anu akuti madzi asatenthe, asazizire, naye ndi munthu, yamba kumanja, usamuvule manyazi. Ndinakusambitsani, ndipo ndinalumbira pamutu panu kuti tsiku la Abiti Mussa likadzafika, adzagona chomwecho mpaka ntchentche zidzatope.

Chichokereni inu tulo tinathawa, mutu unkangowawa, ndipo pamjigo ndinaswa ndowa ya munthu chifukwa chongondiyang'ana. Nditapita kuchipatala kukapempha mankhwala a mutu, anesi ananditumiza kwa mayi wina wauphungu, wamng'ono kwa ine, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anandiuza kuti ganizo, mtima ndi zochita zimakokana ngati mbuzi zomangidwa chingwe chimodzi, ukagwira ganizo zinazo zimatsatira. Anandipatsa kope nalemba mizere: chimene chachitika, ganizo limene labwera, mmene mtima wawawira kuyambira pa ziro mpaka pa khumi, umboni woti ganizolo ndi loona, umboni woti si loona. Akuti ndizilemba ndisanatsegule pakamwa, kenako ndizibwera nalo Lachinayi lililonse tiziwerenga limodzi.

Amayi, mwana wanu ndinasangalala nalo kope limeneli, koma pa zifukwa zanga. Nditaona mawu akuti umboni ndinati eya, mlandu wayamba. Ndinalemba mayina onse a amene anakhala pansi pa mango, ndi chitenje chimene aliyense anavala. Mzere wa kuwawa kwa mtima ndinkangolemba khumi, khumi, tsiku lina ndinalemba makumi awiri. Mzere womaliza uja unakhala woyera ngati mpango wa pa Idi. Mayi uja atawerenga anandiuza mwaulemu kuti iye si woweruza milandu, ndipo amene tikumufunsa mafunso m'kopemu si Abiti Mussa, ndi ganizo langa. Ndinatuluka nditakwiya, ndipo dzina lake nalonso ndinakalilemba.

Koma ndinabwereranso, chifukwa kwina kolankhulira kunalibe. Tinatenga ganizo langa lakuti mudzi wonse umatida, n'kuyamba kulisenda. Anandifunsa amene anakumba manda anu. Anandifunsa amene ankasiya nkhuni pakhomo panga nthawi ya sadaka yanu. Ndinalemba mayina amenewo monyinyirika, cholembera chikuchita kulemera. Kenako, patapita miyezi, ndinalemba chinthu chimene sindinkadziwa kuti chili mwa ine: ndikasiya kukwiya, ndiye kuti nanenso ndakhala pansi pa mango. Nditawerenga mokweza ndinalira mpaka mayi uja anatseka chitseko. Anandifunsa ngati inu munasiya mawu oti ndikusungireni mkwiyo. Ndinafufuza umboni sabata yonse, sindinaupeze. Zimene munasiya ndi beseni, lumo lodulira sanda ndi kapaketi ka ubani wofukizira maliro.

Apa n'kuti mudzi utazindikira kuti unadzitema wokha. Inu mutapita panalibe wodziwa ntchito yanu, atsikana amakono amaopa ngakhale kutseka maso a wakufa, ndipo Mayi Fatima sakuyendanso. Anayamba kubwera kwa ine mmodzimmodzi, maso pansi. Ndinkapita, koma onse ankakonzeratu beseni lawo lapulasitiki, lanu osalifuna. Linangokhala kuseri kwa chitseko likuchita dzimbiri m'mphepete.

Ndiye Lachiwiri m'mawa ndikusesa, ndinangoona Hawa, mwana wamkulu wa Abiti Mussa, atagwada pakhonde. Mukudziwa kuti ife Asilamu sitigoneka maliro, ashehe anali atanena kale kuti jeneza yonyamulira maliro inyamuke ikatha swala, pemphero la masana. Hawa anati ayesa kwina konse, palibe. Ndinamuuza adikire, ndinalowa m'nyumba, ndinaseka kuseka kuja, kenako ndinatenga kope. Chimene chachitika: afa. Ganizo: agone chomwecho. Mtima: khumi. Kenako funso limene mayi wauphungu amakonda, lakuti ndikachita zimenezo, mawa kudzacha bwanji. Ndinaona mudzi wonse ukugwedeza mitu kuti mwaona, mwana wa mfiti uja. Ndinaona Mariamu wamng'ono akukula ndi dzina lanu likununkhabe. Ndinaona kuti ndikakana, Abiti Mussa apambana ali chigonere. Zimenezo ndiye ayi.

Ndinatuluka ndi beseni lanu, ndinaliika patsogolo pa Hawa. Anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka.

"Achemwali, kwathu mabeseni alipo," anatero.

"Amayi ako asambira ili, apo ayi sasamba. Ulisenze wekha, ndipo tidzera kumsika."

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine, n'kulisenza. Njira yachidule ilipo, ya kuseri kwa madimba, koma ine ndinamutsogoza mumsewu waukulu, kudutsa pa anyamata a kabaza, pa amayi ogulitsa usipa, pakhomo pa mzikiti pamene abambo anali atasonkhana kale. Ndinkayenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, ndikupereka moni kwa aliyense. Palibe amene sanalizindikire beseni lija. Titafika pa siwa, amayi aja a pansi pa mango anali momwemo. Ndinawatuma madzi mmodzimmodzi, ndikuwatchula mayina monga ndinawalembera, ndipo aliyense anathira ndi manja ake m'beseni lanu. Hawa, misozi ili mbwee, ananena yekha pamaso pawo kuti amayi ake anakulakwirani, Rajabu anatengedwa ndi mwera basi. Ndinawasiya mawuwo akhale kaye m'mwamba, aliyense awamve bwino.

Nditavundukula nsalu ndinapeza kamunthu kochepa, kopepuka ngati mtolo wa bango, lilime lija lili chete. Ndinaviika chigongono m'madzi, anali otentha kwambiri. Ndikuvomera, Amayi, ndinaima kaye. Kenako ndinaitanitsa ozizira. Ndinayamba kumanja, sindinawavule manyazi, ndinawafukiza ndi ubani wanu womwe uja. Ndinawanong'oneza kuti akafika akakupezeni, akakuuzeni okha amene wawasambitsa.

Musaganize kuti ndakhululuka. Mayi wauphungu anandifunsa dzulo, ndinamuuza kuti kubwezera kwakoma ndipo sindikupepesa. Anangomwetulira, nafunsa za mtima. Ndinalemba zisanu ndi chimodzi, koyamba chichokereni inu, ndipo tulo ndikugona. Masamba a mayina aja sindinang'ambe, ndipo Lachinayi ndipitanso, chifukwa ena akadali moyo ndipo ndimakumana nawo pamjigo.

Beseni ndalikwecha ndi mchenga, likuwala, ndipo silibwereranso kuseri kwa chitseko. Ndikukulonjezani kuti aliyense wa iwo, tsiku lake likadzafika, adzasambira momwemo, madzi osatentha, osazizira, ndipo mwana wake adzalisenza kudzera kumsika.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo dua yokupemphererani sindiphonya.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Asiyatu