Chingerezi cha Kukhitchini

Lachisanu, 19 Epulo 1974

Teremu yoyamba yatha. Ophunzira anga khumi ndi anayi, onse akuluakulu, andipatsa tambala wamoyo paholo ya tchalitchi ku Kabwata, kuno ku Zambia. Ndinathokoza mwachidule. Sakudziwa kuti Chingerezi chonse chimene ndili nacho ndawapatsa kale. Ndinachitola m'makhitchini a azungu ku Woodlands ndi ku Kabulonga zaka makumi atatu. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2 kwathu ku Dedza. M'nkhokwe mwatsala zitsononkho.

Lamulungu, 21 Epulo

A Chisenga, wapampando wa komiti ya sukuluyi, alengeza m'tchalitchi kuti ndiphunzitsa chaka chonse. Sanandifunse. Anati, "Ba Ticha aba ni bozipeleka chabe. Bamalawi bali na mutima!" Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

M'thumba ndinali ndi kalata youza mng'ono wanga kuti ndibwerera kumudzi mwezi wamawa. Sindiiponya.

Lachiwiri, 23 Epulo

Febby Mwape, wamasiye wa ana atatu, amene amaposa onse m'kalasi, apita mawa kukayesedwa ntchito yolandira alendo pa ofesi ina mu Cairo Road. Ndamukonzekeretsa ndekha masiku anayi. Ndamuonetsa mmene munthu amafikira kwa bwana.

Lachitatu, 24 Epulo

Febby wabwera madzulo, nsapato zili m'manja. Anachita zonse monga ndinamulangizira. Analowera khomo la kumbuyo. Anaima manja kumbuyo, maso pansi. Bwana anamuuza kawiri kuti akhale, sanakhale. Funso lililonse analiyankha ndi mawu awiri, napewa kuwonjezera zake.

Bwanayo ndi Mzambia, mwamuna wa msinkhu wa mwana wanga. Akuti anaseka, nati wolandira alendo sangakhale munthu woopa anthu, koma malo opanga tiyi ndi kusesa alipo.

Febby anandifunsa, "Ba Ticha, nalakwa pati? Nachita vonse vamene munaniuza."

Ndinati sindikudziwa. Ndinanama.

Lachinayi, 25 Epulo

Sindinatuluke m'nyumba.

Loweruka, 27 Epulo

Ndinapita kwa a Chisenga kukatula pansi udindo. Sanandilole kumaliza. "Awe, ba Ticha, mwayamba kuzichepesa? Onani, benangu twente balembesa." Anandionetsa maina, nandiperekeza mpaka pamsewu akuseka.

Kunyumba, mkamwini wanga Oswell anati, "Apongozi, mukachoka lero anthu adzati takuthamangitsani ndife." Mkazi wake Betty, mwana wanga, amaimba kwaya m'tchalitchi chomwecho.

Ndikapita ndichititsa manyazi nyumba ino. Ndikakhala ndipanga akhukhi ena makumi awiri.

Lolemba, 29 Epulo

Ndinavala jekete ndi kutenga Febby kupita ku ofesi ija. Sindinamuuze chifukwa. Tinakwera basi.

Titafika, miyendo yanga inakhotera yokha kukanjira kam'mbali kumene kuli migolo ya zinyalala. Febby ananditsatira. Ndinazindikira titafika kale pakhomo la kumbuyo. Ndinati tibwerere.

Khomo la kutsogolo ndi lagalasi, lolemera. Sindinalowerepo khomo lotere chibadwire. Mlonda anatiyang'ana koma sanatiletse.

Bwana anamukumbukira Febby. Ndinalankhula Chinyanja, kuti ndisabisale. Ndinati mlandu si wa mayiyu. Ndinati ine ndine khukhi, ndipo ndinamuphunzitsa zimene azungu ankafuna kwa khukhi. Febby anamva zonse. Ndinapempha kuti amuyesenso.

Bwana analoza mipando iwiri. "Nkalani pansi, madala. Na imwe, amai."

Ndinangoimabe. Ndinaona kuti Febby sakuyang'ana bwana, akuyang'ana ine. Ndikaima, nayenso aima.

Ndinakhala. Mpandowo ndi wofewa mopitirira, ndinamira ndithu, chipewa chinagwa pansi. Febby anaseka mokweza, nakhala. Bwana anatsegula kabati ndi kuyamba kufunafuna mapepala a Febby.