Nkhuku Yopepesera Lamba wa pa Boti

Kamwendo
Mchinji
9 Okutobala 2024

Okondedwa amalume a Benedicto,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Kitwe kumeneko, inu pamodzi ndi mayi akunyumba ndi ana onse. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno m'thupi tili bwino. Dzuwa lafika poipa, anthu ali kalikiliki kusosa minda. Mlongo wanu ku Kachebere alinso bwino, kungoti kukwaya asiya kupita. Akuti amayi anzawo amangowayang'ana kuyambira tsiku la bwalo lija.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni simundilola kumaliza. Lamulungu lija munandidula kawiri, n'kunena kuti mwana sayankha akulu akamayankhula. Pepala simungalidule mawu. Ndapatsira a Davie oyendetsa thiraki ya mtedza aja, akuwoloka pa boda ya Mwami mawa m'mawa.

Ndakwiya, amalume. Ndanena poyera kuti musavutike kufufuza.

Inu ndinu nkhoswe yanga, mwini mbumba. Pa bwalo la kwa Zulu, kumudzi kwa apongozi anga, foni anaiika pa mpando pakati pa anthu, ndipo aliyense anakumvani mukunena kuti mwana wathu walakwa, tibwera ndi nkhuku kudzapepesa, za m'madzizo azisiya. Munavomera mlandu musanandifunse n'komwe kuti chinachitika n'chiyani. Chithunzi chimodzi cha pa foni chinakukwanirani. Ndiye lero khalani pansi mumve zonse.

Mukudziwa kuti ku Bunda ndinaphunzira za nsomba. Chino n'chaka chachiwiri digiri ili m'sutikesi, ine ndili m'kakhumbi pa siteji ya Kamwendo kutumizira anthu ndalama pa foni, fumbi la maminibasi lili m'mano. Chaka chatha ndinadzimana n'kupita ku Nkhata Bay kukaphunzira kusambira pansi pa madzi, kuja munthu amabereka silinda ya mpweya kumsana. Ndinakhoza. Setifiketi ndili nayo, ya oyamba kumene, yondilola kutsika mamita 18.

Sindinachite zimenezi pofuna kutchuka. Kunyanja kuli makampani oweta chambo m'makola a ukonde, ndipo amafuna anthu otsika pansi kukaona ngati ukonde wang'ambika kapena nsomba zikudwala. Imodzi yandiitana ku mayeso a ntchito mwezi wamawa. Ndi khomo loyamba kutseguka chimalizireni sukulu.

Ukwati wathu utachitika mu Ogasiti, amuna anga a Kefasi anandifunsa kuti tikapumire kuti. Ndinati kunyanja, ndikatsikenso pang'ono kuti thupi lisaiwale. Iwo setifiketi alibe, ngakhale Bua sanamuwolokepo chosambira. Choncho tisananyamuke ndinaimbira kusukulu ya zosambira kuja ku Nkhata Bay kufunsa kuti anthu awiri otere angachite bwanji kuti wina asakhale wolondera zikwama.

Anandiuza kuti munthu wopanda setifiketi angathe kulawako kwa tsiku limodzi. Amayamba wamuphunzitsa pamadzi osaya, kenako mphunzitsi amatsika naye pafupi atamugwira dzanja, ine n'kumayenda pambali pawo. Akafuna zenizeni, aphunzire masiku anayi atenge setifiketi yakeyake, tizitsika awiri mpaka kalekale. Zonsezi zikamukanika, angoyandama pamwamba atavala magalasi ndi kapaipi kopumira, nsomba azizionera kumwamba. Ine mtima unali pa masiku anayi. A Kefasi, poti ndi mlangizi wa zaulimi, anati ayi, alimi awo akudikira mbewu, ayamba ndi kulawako.

Anasankha okha. M'minibasi monse ankauza aliyense kuti akupita kukagwira kampango ndi manja.

Tsopano mvetsani bwino apa. Pansi pa madzi palibe amatsika yekha. Lamulo lake ndi awiriawiri, ndipo musanadumphe aliyense amayendera zida za mnzake: lamba wa zitsulo m'chiuno ngati wagwira, zingwe za m'mapewa, mpweya ngati watsegulidwa. Ukachita manyazi pamenepo, maliro ake ndi ako. Inu mwatsika mumgodi zaka zonsezi. Munkatiuza nokha mukabwera pa Khirisimasi kuti palibe amalowa m'chikepe nyali ndi lamba wake zisanaonedwe. Kodi mnzanu akakugwirani lamba, mayi akunyumba amaitanitsa bwalo?

Tsikulo a Kefasi sanatsike. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku. Mphunzitsi anandiphatikiza ndi mlendo wina, a Fletcher, bambo wa imvi wochokera ku Blantyre, amene zidzukulu zawo zinkaumba mchenga pagombe. Anandimanga lamba, anakoka zingwe, anatsegula mpweya. Inenso ndinawachita chimodzimodzi. Amuna anga anali pomwepo m'boti, mawondo athu akugundana, ndipo amene anajambula chithunzi chija ndi iwowo. Anatumizira mlongo wawo Luwiza monyadira kuti aone mlamu wake. Luwiza anachiponya pa gulu la banja lonse, n'kulemba pansi pake kuti ukwati wa mwezi umodzi ndi umenewu.

Ine ndinali pansi, osadziwa kanthu. Ndinaona nsomba za mbuna zobiriwira ngati nsalu yatsopano zikutola ndere pamiyala. Ndinaona nsomba ina italavula tiana take kuti tidye, titayandikira n'kutimezanso tonse m'kamwa kutibisa. Zimenezi ndinazilemba pa mayeso ku Bunda, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso. Ndinatuluka m'madzi ndikuseka. Foni ya a Kefasi inali italira kale kangapo.

Za pa bwalo zina munazimva, zina foni sinakufikitsireni. Apongozi aakazi anati chovala chothina chosambirira cha pa chithunzi chija ndi maliseche opaka phula. Luwiza anati kodi ku Bunda amaphunzitsanso kugwiridwa m'chiuno ndi agogo a eni ake. Nkhoswe ya kuchimuna inafunsa kuti nanga pansipo tinachedwerako chiyani, poti kumeneko kulibe mboni. Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Ndinati mboni zilipo, ndi nsomba, akazifunse. Ndi pamene munandidula koyamba.

Kenako anthu anatembenukira kwa a Kefasi. Anawafunsa kuti mwamuna iwe unali kuti pamene mkazi wako amamangidwa lamba. A Kefasi anayang'ana pansi, n'kunena kuti iwo alibe mapepala, malamulo a kumeneko ndi otero. Basi. Anthu anamva kuti ine ndinasiya mwamuna wanga m'boti chifukwa alibe mapepala, n'kusankha amene ali nawo. Apongozi anaomba m'manja kamodzi, anati ndiwo akazi a madigiri amenewo, tinanena ife.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauze munthu aliyense, ngakhale amayi.

Si mapepala anawaletsa. M'mawa wa tsikulo mphunzitsi anawatengera pamadzi olekeza m'chifuwa. Kupumira m'paipi anatha bwinobwino, mpaka kundikwezera chala. Koma pali phunziro lina loti umalowetsa dala madzi m'magalasi, n'kuwatulutsa ndi mpweya wa m'mphuno. Madzi atangowakhudza mphuno anavuuka ngati ng'ombe yothawa dibi. Magalasi uko, paipi uko. Anamwa madzi, anasanza. Mphunzitsi anati zimachitikira ambiri, apume, ayesenso mawa pang'onopang'ono. Anakana.

Anandigwira mkono, n'kundipempha kuti kumudzi zisakamveke. Akuti ali mwana anzawo akamasambira padambo iwo ankakhala pamtunda, ndipo dzina limene anawapatsa nthawi imeneyo linatenga zaka kuti lifafanike. Ndinalonjeza. Ndinati basi nanenso sinditsika, tiyeni tikangoyandama limodzi pamwamba. Iwo anati ayi, wabwerera zimenezi, pita ndi a Fletcher, ine ndikujambula.

Pa bwalo paja ndinkawayang'ana pakamwa kudikira kuti anene. Zinali zochepa: ndinaopa madzi, ndipo amene ndinamuuza kuti apite ndine. Sananene. Manyazi awo anawavula n'kundiveka ine pamaso pa mudzi wonse, inu muli pa foni kuvomereza kuti andikwana.

Mantha sindiwada, amalume. Nanenso tsiku langa loyamba ndinkafuna kuthawa. Chikundiwawa n'chakuti munthu amene ndinamubisira anakhala chete ndikunyozedwa, ndipo munthu amene anayenera kundiimira anathamangira kukagwira nkhuku.

Chigamulo mukuchidziwa. Loweruka pa 19 ndikagwade pamaso pa apongozi, nkhuku ili m'manja, ndilonjeze kuti chovala chija sindidzachivalanso. Chimene simukudziwa n'chakuti atumizanso uthenga woti setifiketi ndikaitule m'manja mwawo, akaisunge m'Baibulo. Ati kumeneko siingandinyengenso.

Ndikalonjeza zimenezo, ntchito ija yapita, ndipo ndidzamera imvi m'kakhumbi ndikufunsa anthu nambala za foni. Ndikaulula zoona, mwamuna wanga asanduka nyimbo ya akabaza pa Kamwendo, mlangizi wa zaulimi amene anasanza pamadzi a m'chifuwa. Mwandiika pamenepo, inu ndi iwo.

Mumati dziko lino lisinthe, ana aphunzire. Munandigulira nokha sutikesi yopitira ku koleji, n'kuuza anthu patchalitchi kuti mbumba yanu idzakwera ndege. Lero ndangonyowetsa tsitsi, mwati ndipepese. Kodi munkafuna ndiphunzire kuti digiri izikongoletsa khoma la apongozi?

M'nyumba muno tikuyankhulana za mchere ndi makala basi. Lolemba ndinawafunsa a Kefasi kuti akuganiza bwanji. Anati ndingogwada, nkhani izizire, nkhuku ndi nkhuku chabe. Za ntchitoyo akuti ndizidzapita mwakachetechete, amayi awo sangadziwe za kunyanja. Ndinawayankha kuti digiri sindinabe, ndipo sindikagwira ntchito ngati wozembetsa shuga pa boda. Anati ndimafulumira kupsa mtima. Ndinati inde, wina m'nyumba muno ayenera kufulumira pa china chake.

Dzulo m'mawa ndinabwerera kunyumba nditaiwala chaja. Ndinawapeza kuseri kwa bafa atagwada, nkhope yonse ili m'beseni lochapira, akutulutsa thovu m'mphuno. Anadzidzimuka, madzi ali chuchuchu m'malaya a kuntchito, n'kunena kuti amasukusula. Munthu atamanga kale nsapato, chikwama chili panjinga.

Sindinaseke. Chisoni chinandigwira, sindikana, chifukwa ndinaona kuti chinthuchi chikuwadya. Koma mkwiyo sunachoke. Ndinawapatsa thaulo, n'kuwauza kuti beseni lamva, kwatsala amayi awo.

Pempho langa ndi ili. Nkhuku musagule. Ngati munauza kale amayi kuti amange tambala wawo uja, atumizireni mawu amumasule. Mubwere nokha. Ndikudziwa kuti ndi kutali, basi ya ku Lusaka kenako ina ya ku Chipata, koma foni ya pa mpando siona nkhope ya munthu, ndipo ukwati umenewu munaumanga ndinu.

Mukafika, za mantha ndi za beseni musazitchule, ngakhale kwa mlongo wanu. Ndaswa kale lonjezo langa pokuuzani inu, ndipo ndachita izi kuti mudziwe amene mukumuimira. Mawu amenewo atuluke m'kamwa mwa mwini wake. Inu mudzangofunsa mkamwini wanu funso limodzi pamaso pa onse, kuti kodi amene anauza mkazi wako kuti atsike ndi a Fletcher ndani. Mukatero mudzakhale chete. Musadzamuthandize, musadzatsokomole, musadzaponye mwambi. Mumakonda kupulumutsa anthu ndi miyambi, tsikulo musadzatero.

Akadzayankha zoona, nkhani yatha kwa ine. Sindidzafuna kuti Luwiza andipepese, ndipo apongozi ndidzawaphikira tiyi monga kale. Amene adzaseke mwamuna wanga adzayambe wadutsa pa ine.

Akadzayang'ananso pansi, sindidzaulula kanthu. Koma sindidzagwada, ndipo setifiketi siidzachoka m'manja mwanga. Ndidzanyamuka pa bwalopo anthu akuona, ndikakwera njinga ya kabaza mpaka ku Kachebere kwa amayi, ndipo ku mayeso a ntchito ndidzanyamukira kumeneko. Za ukwati mudzatsala mukukambirana ndi ankhoswe anzanu. Ndanena pasadakhale kuti zisadzakudzidzimutseni.

A Kefasi ndawauza zomwezi lero m'mawa, mawu ake omwewa. Tiyi anamusiya pa tebulo mpaka kuzizira, ndipo potuluka anandifunsa kuti kodi amalume abweradi. Ndinati abwera. Musandisandutse wabodza.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, kwa Lonjezo ndi azing'ono ake. Mumuuze Lonjezo alimbikire sukulu, koma adziwiretu kuti akadzamaliza, nkhondo ndi pamene imayamba. Amayi akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba zotere.

Ambuye akuchizeni chifuwacho, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wautaliwo. Lachisanu pa 18 madzulo ndidzakhala ndili pa siteji.

Ndine mbumba yanu,
Mayamiko