Ndinawanyamula Mayi Nachisale pa Cape Hill

Lachinayi, Novembala 2008. Mvula tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Chiyambire mwezi uno, khonsolo, komwe ndimagwira ntchito, inatiletsa kuyendera okalamba pa magalimoto athu. Tsopano timabukitsa galimoto ya car club, kampani yobwereketsa magalimoto, pa kompyuta, timaitsegula ndi khadi, n'kuibweza pamalo pake nthawi ikakwana. Kunyamula munthu n'koletsedwa.

Lero ndinabukitsa mpaka 3 koloko. Pobwerera, pa Cape Hill, ndinaona Mayi Nachisale a kutchalitchi kwathu akudikira basi, atanyoweratu, majumbo awiri m'manja. Anandizindikira n'kukweza dzanja. Ndikanawapitirira bwanji mayi amene anandisunga m'nyumba mwawo miyezi itatu nditangofika kuno kunja kuchokera kwathu? Ndinaima.

"Mwanawe, wakutuma ndi Mulungu. Ndi pafupi pompa, ku West Bromwich."

Titafika anakana kutsika tisanapemphere. Anapempherera ine, ana anga, ntchito yanga, ngakhale galimotoyo. Ine maso ali pa wotchi, koma pemphero la munthu wamkulu sungalidule.

Ndinachedwa ndi mphindi 40. Sandra, mnzanga wa ku ofesi amene anabukitsa pambuyo panga, ndinamupeza ataima pamvula, appointment yake yokaona wokalamba itadutsa. Moni wanga sanayankhe.

Galimotoyo imalemba yokha mamailosi onse. Abwana andiitana mawa 9 koloko, ndipo ndikadali pa probation, nthawi yoyesedwa pa ntchito. Ndimaganiza zokanama kuti ndinasochera. Koma Mayi Nachisale angondiimbira foni kumene. Akuti Lamlungu akachitira umboni pamaso pa mpingo wonse za mwana wawo amene anawanyamula pa galimoto ya boma.

Ndangoti, "Zikomo amayi."

Nanga mawa kwa abwana ndikanena kuti…