Zidole za Tadala zandiputira mlandu

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu. Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Paja Tadala kuwerenga kumamuvuta. Ndiye tinkaumba zidole zadongo n'kumata mawu pamimba ndi njere za mpunga: mayi, gogo, mwana. Akaona chidole, mawuwo amatchula yekha. Lachiwiri tinaziyanika kumpanda. Mayi a Yohane, oyandikana nafe aja, anatola cholembedwa "mwana", mutu utang'ambika ndi dzuwa. Khanda lawotu likudwala. Anandifunsa, "Mayi a Tadala, mwana ameneyu ndi wa yani?" Ndinafotokoza zonse, koma iwo anangochikulunga m'chitenje n'kumapita.

Chiyambire tsikulo, kumjigo palibe wondiyankha moni. Dzulo khandalo athamangira nalo kuchipatala ku Zomba. Likapanda kubwerako, achemwali, anthuwa atitani?

Bambo a Tadala ali ku Chisi, foni anapita nayo. Chonde imbirani amalume ku Songani adzatitenge msanga. Zidole zotsalazo ndaphwanya, ndipo Tadala akungolira kuti ndamuphera gogo wake.

Mutipempherere, khandalo lichire. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati